ZA M'MIPINGO: Pemphero ndi Madzi Owiritsa

Mvula ikayamba kugwa, ife a kumudzi timakondwera cifukwa mbeu zimamera. Koma ana athu amene akhala ku Kanyama, Chawama, George ndi makomboni ena a mu Lusaka amagona ndi nkhawa. Kumeneko anthu ambiri amatunga madzi m'zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Madzi akasefukira, zonyansa zimalowa m'zitsimezo, ndipo matenda a kolera amabuka.

Pa mliri umene unayamba mu October 2017, anthu opitirira 5,000 anadwala mu Lusaka. Mu January 2018 Boma linaletsa misonkhano m'madera amene matendawa anakula, ndipo ngakhale mapemphero a m'machalichi anaimitsidwa. Mu 2024 odwala anacuruka kotero kuti bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala.

Ena amati nkhani ya zimbudzi ndi ya Boma, wansembe asamale za mzimu basi. Mbiri ya Mpingo wa Anglican m'dziko lino itsutsa maganizo otere. Amishoni a UMCA anayamba nchito kuno mu 1910, ndipo ku Msoro anthu akumbukirabe Bambo Leonard Kamungu, wansembe wa ku Nyasaland amene anamwalira komweko mu 1913. Mpingo womwewo unatsegula cipatala ca St Francis ku Katete mu 1948. Akuluakulu aja anadziwa kuti munthu amene Mulungu amkonda ali ndi thupi, ndipo thupilo limamwa madzi.

Cotero nchito ya mpingo m'makomboni ndi yoonekeratu. Pa khomo la chalichi pakhale madzi ndi sopo. Wansembe ndi katekisti alalikire za kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, osacita manyazi. Amai a Mothers' Union, amene amayendera odwala ndi kuceza pa maliro, ndiwo amafika m'nyumba zimene adokotala safikamo. Mau ao akhoza kupulumutsa banja lonse.

Cobvuta kwambiri ndi maliro. Mwambo wathu umatiuza kusambitsa mtembo, kugona pa maliro ndi kudyera pamodzi. Koma mtembo wa munthu wofa ndi kolera umapatsira matenda. Kulola anchito a zaumoyo kuti auike msanga si kutaya m'bale ai. Pemphero la mpingo limamperekeza cimodzimodzi, ndipo amoyo amatsala amoyo.

Inu a kumudzi musati izi ndi za ku tauni. Basi yocoka ku Lusaka m'mawa imafika ku Petauke, Katete ndi Chipata tsiku lomwelo. Mlendo kapena mwana akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, musataye nthawi. Sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mpatseni azimwa pang'onopang'ono pamene muli pa ulendo wopita naye ku cipatala, pakuti kolera ikhoza kupha munthu m'maola owerengeka.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Boma likonze mipope ndi ngalande, mpingo uphunzitse anthu ace, ndipo ife eni tisamale nyumba zathu. Mukamalembera kapena kuimbira foni ana anu ku Lusaka, afunseni ngati apita ku chalichi, koma afunseninso kumene atunga madzi akumwa.