Ng'ombe za pa Maliro ndi Denga la Sukulu kwa Aigbo

Mwezi uno tiri ndi mlandu ndi anthu a kutali, ndiwo Aigbo a ku Nigeria, amene ambiri a iwo akhala kum'mawa kwa mtsinje wa Niger. Ife aphunzitsi takhala tikuwatchula kwa ana athu monga mtundu umene unadzikweza wokha ndi sukulu. Chifukwa chake mitima yathu iwawa poona ena a iwo alikupeputsa cholowa chimene makolo ao anachigula ndi thukuta.

Tiyambe takumbukira mbiri. M'chaka cha 1857 Samuel Ajayi Crowther ndi John Christopher Taylor anakhazika mishoni ku Onitsha, ndipo mu 1885 ansembe Achikatolika anafika komweko. Sukulu yaikuru ya Dennis Memorial inatsegulidwa mu 1925. Koma amishoni analibe chuma chofikira mudzi uli wonse. Eni midzi ndiwo anaumba njerwa, nasenza mitengo, nasonkha ndalama za mphunzitsi. Ndipo mudzi wopanda sukulu unali kuchita manyazi pamaso pa unzake. Amene anapita kukagwira ntchito ku Lagos ndi ku Kano anapangana mabungwe a anthu a mudzi umodzi, nadzisonkhetsa okha, natumiza mnyamata wanzeru kutsidya la nyanja, kuti pobwera abweze ngongole, wina apitenso. Chinua Achebe analemba za mwambo umenewu m'buku lake la 1960, No Longer at Ease, m'mene bungwe lotere likongoza mnyamata mapaundi 800.

Anaonanso zowawa. Mu 1957 boma la chigawo cha kum'mawa, Nnamdi Azikiwe ali mtsogoleri, linalengeza sukulu yaulere. Ana anadza unyinji, ndalama zinaperewera, ndipo mu 1958 malipiro anabwezedwanso m'makalasi ena. Pamenepo tiphunzira kuti mau akuti "ulere" salipira mphunzitsi. Nkhondo ya Biafra, kuyambira 1967 kufikira 1970, inapasula masukulu ambiri, ndipo itatha boma linalanda masukulu a mishoni. Ku Anambra anabwezedwa kwa mipingo mu 2011, Peter Obi ali bwanamkubwa. Mtundu umene unauka m'phulusa lotere sungathe kunena lero kuti ulibe mphamvu yakufolera denga la sukulu.

Tsono titsutsana ndi anthu atatu. Woyamba ndiye wamalonda amene ati, Sukulu ipindulanji? Taonani ophunzira alikuyendayenda opanda ntchito, ndipo ine wosadziwa galamala ndiri ndi nyumba zosanja. Munthu uyu achotsa mnyamata m'kalasi, namtengera ku msika wa Onitsha, kapena wa Aba, kapena wa Nnewi, kuti amtumikire zaka zingapo, ndipo potsiriza ampatse ndalama zoyambira malonda ake. Mwambo umenewu autcha igba boi, ndipo sitiunyoza iai, pakuti watulutsa mabanja ambiri mu umphawi. Koma tifunsa, Nanga mbuyeyo akamwalira, kapena akagwa pa malonda, kapena akamnamizira mwanayo kuba zaka ziri pafupi kutha, mnyamata atsala ndi chiyani m'manja? Ubwana wapita, ndalama palibe, ndipo kalata ya pangano sangathe kuiwerenga. Lamulo la Nigeria la 2004 lilamula kuti mwana ali yense aphunzire zaka 9 kwaulere. Msika sudzathawa; mwana ayambe watsiriza zaka zimenezo. Akuru anati mmera mpoyamba.

Wachiwiri ndiye wachuma wokonda kutamandidwa. Pa maliro a atate wake apha ng'ombe zambiri, aveka khamu lonse nsalu imodzi, nasunga mtembo miyezi kufikira phwando litakonzeka. Chizolowezichi chinakula kotero kuti mu 2019 nyumba ya malamulo ya Anambra inapanga lamulo lakuchepetsa zoonongedwa pa maliro. Kulemekeza akufa nkwabwino. Koma nkhalamba imene alikuiika ndi mfuti ndi ng'oma ndiyo yomwe ija inasenza njerwa za sukulu pamutu. Kodi ilemekezedwa pamene adzukulu a anansi ake akhala pansi m'chipinda chodontha? Ndipo wachumayo akati athandize, amanga chipinda chatsopano kuti dzina lake lilembedwe pakhoma. Koma za malipiro a mphunzitsi safuna kumva, pakuti pa malipiro palibe polemba dzina. Ife amene taima patsogolo pa kalasi zaka zambiri tidziwa kuti khoma siliphunzitsa mwana kuwerenga.

Wachitatu ndiye wolamulira. Lamulo lomwe lija la 2004 lipatula magawo 2 mwa 100 a chuma cha boma lalikuru kuti athandize sukulu zoyamba. Koma chigawo chiri chonse chiyenera kuikapo ndalama zofanana chisanalandire gawo lake. Kawirikawiri zigawo zazengereza kuikapo, ndipo ndalama za ana zagona ku Abuja. Uku ndi kumana mwana nsima iri m'mbale chifukwa cha ulesi wa kutunga madzi osamba m'manja.

Wina adzati, Bwanji mudzudzula Aigbo, popeza umbuli wochuluka uli kumpoto kwa Nigeria? Zoona, odziwa kuwerenga ali ambiri pakati pao. Koma wamasiye wa kumudzi amene mwana wake wabwezedwa chifukwa cha yunifolomu ndi mabuku satonthozedwa pakumva kuti kwina zinthu zaipa koposa. Olemera atengera ana ao ku masukulu olipira, ndipo sukulu ya mudzi yatsalira aumphawi okha, opanda wowanenera.

Chifukwa chake tipempha zinthu zinai. Pa msonkhano wa mudzi wa nyengo ya Khirisimasi, ndi pa msonkhano wa amai wa mwezi wa August, pamene ana a mudzi abwera kwao, apatule gawo lokhazikika la zopereka likhale la sukulu. Gawolo liyambe kulipira aphunzitsi ndi kugula mabuku, a Chiigbo pamodzi ndi a Chingerezi, njerwa zidze pambuyo. Atsegule kalasi ya madzulo ya anyamata a kumsika ndi amai amene sanaphunzire. Ndipo chaka ndi chaka msungichuma awerenge ndalama zonse poyera, phungu wao naye aitanidwe adzanene ngati chigawo chaikapo gawo lake.

Aigbo eni ake ali ndi mwambi wakuti Igwe bu ike, ndiko kuti unyinji ndiwo mphamvu. Makolo ao anauchita ndi makobiri a mafuta a kanjedza. Ana ao a lero ali ndi magalimoto, ndi masitolo, ndi abale ku London ndi ku Houston. Akapanda kuchita chimene osauka aja anachita, asadzanene kuti chinawaletsa ndi umphawi.