Dzina la dera lateteza bwanji ng'ombe zamakolo?

Kuyambira mwezi wa May 2024, mayiko a m'bungwe la European Union akugwiritsa ntchito lamulo latsopano loteteza mayina a zakudya ndi zakumwa zomwe zimadziwika ndi dera lomwe zimachokera. Lamuloli, lomwe nambala yake ndi 2024/1143, laphatikiza malamulo a vinyo, mowa waukali ndi zokolola omwe kale anali apaderapadera. Lawonjezeranso mphamvu za magulu a alimi, ndipo chitetezocho chafika mpaka pa mayina a masamba a pa intaneti.

Pakati pa katundu wotetezedwa pali nyama ya ng'ombe zamakolo, zomwe zambiri zidatsala pang'ono kutha mathirakitala atalanda ntchito yolima ndi kukoka ngolo. Koma mbiri ya malamulowa ikuonetsa kuti chomwe chimatetezedwa ndi dzina la malo, osati mtundu wa ng'ombe. Mtunduwo umapindula pokhapokha alimi ataulemba m'mfundo zoyendetsera dzinalo, komanso atakwanitsa kutsimikiza komwe ng'ombe iliyonse idabadwira.

Ndondomekoyi idayamba mu 1992 ndipo ili ndi zizindikiro ziwiri. Cha PDO, chomwe ndi chofiira ndi chachikasu, chimatanthauza kuti ntchito yonse yachitikira m'dera lotchulidwalo. Cha PGI, chabuluu ndi chachikasu, chimafuna kuti gawo limodzi kapena angapo a ntchitoyo achitikire kumeneko. Dzina likalembedwa m'kaundula silikhala la kampani imodzi. Mlimi aliyense wa m'deralo amene watsatira mfundo zake ali ndi ufulu woligwiritsa ntchito, pomwe wakunja kwa deralo saloledwa, ngakhale atalemba pa katundu wake kuti ndi wofanana ndi weniweniyo.

Kusiyana kwa dzina la malo ndi dzina la mtundu kumaonekera bwino pa ng'ombe za Aberdeen Angus. Dzinali lidachokera ku madera a Aberdeenshire ndi Angus m'dziko la Scotland, koma lero ng'ombezi zikuwetedwa mwaunyinji ku America, Argentina ndi Australia. Aliyense woziweta akhoza kugulitsa nyama yake ndi dzinali chifukwa ndi la mtundu. Alimi a ku Scotland ali ndi dzina lotetezedwa la Scotch Beef, lomwe limafuna kuti ng'ombe ibadwire, ikulire ndi kuphedwera m'dzikomo, koma silikakamiza mtundu umodzi. Choncho dzinali limatchinjiriza msika wa dzikolo popanda kukhala mpanda wa ng'ombe zamakolo.

Alimi a kumadzulo kwa dziko la France adakumana ndi vuto lomweli ndipo adapeza njira yodabwitsa. Ng'ombe zawo zinkatchedwa Maine-Anjou, dzina lomwenso ndi la dera lawo. Popeza malamulo salola kuti dzina lomwe lingasokoneze ogula chifukwa chofanana ndi la mtundu wa chiweto lilembedwe ngati la dera, mu 2003 mtunduwo udasinthidwa dzina n'kukhala Rouge des Prés. Chaka chotsatira dzina la Maine-Anjou lidavomerezedwa kukhala la nyama ya m'deralo yokha. Alimiwo adalolera kuti ng'ombe zawo zitaye dzina lakale pofuna kuti phindu la dzinalo litsale kwawo.

Ku Italy njira idali ina. Dzina la Vitellone Bianco dell'Appennino Centrale, lomwe lidalembedwa mu 1998, limatchula mitundu itatu ya ng'ombe zoyera: Chianina, Marchigiana ndi Romagnola, zophedwa zili ndi miyezi yapakati pa 12 ndi 24. Izi zidali ng'ombe zolimira, ndipo ntchitoyo itatha mlimi adalibe chifukwa chozisungira. Ku Portugal nakonso mayina monga Carne Barrosã ndi Carne Mirandesa adamangiriridwa ku mitundu ya ng'ombe za m'mapiri a kumpoto kwa dzikolo. M'madera amenewa, mlimi amene wasakaniza ng'ombe zake ndi mitundu yokula msanga amataya ufulu wogulitsa ndi dzinalo. Mtengo wokwera wa nyamayo ndiwo umalipira mlimi chifukwa chosunga mtundu wa makolo ake.

Dziko la Japan likupereka phunziro pa kufunika kwa umboni. Nyama yotchuka ya Kobe imachokera ku ng'ombe za Tajima zobadwira, kukulira ndi kuphedwera m'chigawo cha Hyogo, ndipo ng'ombe iliyonse ili ndi nambala ya manambala 10 yomwe wogula atha kuifufuza. Nyamayi idayamba kutumizidwa kunja mu 2012, koma chakacho chisanafike malo odyera ambiri ku America ankagulitsa kale nyama yomwe ankaitcha ya Kobe. Mu December 2015 dzinali lidali m'gulu loyamba kulembedwa pansi pa lamulo latsopano la dzikolo, ndipo pangano la zamalonda la pakati pa Japan ndi European Union, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu February 2019, lidaliteteza ku Ulaya. Ngakhale zili choncho, ng'ombe za Wagyu zidafalikira kale ku Australia ndi America. Anthu ena atagwidwa akuyesa kuzembetsera umuna ndi mazira a ng'ombezi ku China mu 2018, boma lidakhazikitsa malamulo apadera mu 2020 oteteza mbewu ya ng'ombezo. Lamulo la dzina palokha silikadaletsa mbewuyo kutuluka.

Si onse amene amagwirizana ndi ndondomekoyi. Mayiko a America ndi Australia akhala akunena kuti ndi njira yotsekera ena msika. Adakasuma ku bungwe loona zamalonda pa dziko lonse la World Trade Organization, lomwe mu 2005 lidapeza kuti malamulo a ku Ulaya ankakondera alimi akumeneko, ndipo mu 2006 malamulowo adasinthidwa kuti alimi a mayiko ena azilembetsa mosavuta. Palinso dandaulo lochokera m'makola momwe. Kulemba kaundula, kuika ziphaso m'makutu a ng'ombe ndi kulipira oyendera zimadya ndalama, ndipo mlimi wa ng'ombe zochepa ndiye amamva kulemera kwake. Gulu la alimi likakhala lofooka, phindu la dzina limathera kwa ogula apakati ndi eni masitolo.

Nkhaniyi yafika kale m'chigawo chino cha Africa. Pangano la zamalonda la mu 2016 la pakati pa European Union ndi mayiko ena a m'bungwe la SADC lidateteza mayina a ku South Africa monga Rooibos ndi nyama ya nkhosa ya ku Karoo. Ku Mozambique, dzina la Cabrito de Tete lidalembedwa mothandizidwa ndi bungwe la WIPO, poteteza nyama ya mbuzi za ku Tete zomwe zimadya masawu ndi malambe. M'Malawi, lamulo la zizindikiro zamalonda la mu 2018 lili ndi gawo lololeza kulembetsa mayina a madera.

Ng'ombe zambiri m'dziko muno ndi za mtundu wa Malawi Zebu, zomwe n'zazing'ono thupi koma zimapirira kutentha, nkhupakupa ndi msipu wouma wa m'chilimwe. Maboma a Chikwawa, Nsanje, Mzimba ndi Karonga ndi odziwika ndi ulimi wa ng'ombe, koma nyama ikafika m'bucha za mumzinda imagulitsidwa pa sikelo, osatchulanso dera kapena mtundu. Pa msika wotero mlimi amaona nzeru kusakaniza ng'ombe zake ndi mitundu ikuluikulu monga Brahman, ndipo palibe angamudzudzule.

Zomwe zachitika ku France, Italy ndi Japan zikusonyeza kuti chiphaso cha boma chimabwera kumapeto. Choyamba ndi gulu la alimi logwirizana pa malire a dera, mtundu wa ng'ombe ndi kadyetsedwe kake. Chotsatira ndi kaundula wa ng'ombe iliyonse kuchokera m'khola mpaka kophera, yemwenso angathandize polimbana ndi umbava wa ziweto komanso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi omwe amabuka kawirikawiri m'chigwa cha Shire. Popanda zimenezi, dzina lolembedwa m'kaundula lingagwe m'vuto lomwe ogula mpunga wa Kilombero amalidziwa bwino: aliyense pa msika amati wakewo ndiye weniweni, pomwe mlimi wa ku Karonga sapindula kanthu ndi kutchuka kwa dzinalo.