Ndime Yotsiriza Siibwerera

Akonzi, ndipatseniko malo ndiyankhe anzanga amene adandiunjirira pa msonkhano wathu wapitawu. Tsiku lija sindidayankhe chifukwa mwambo wathu ndi wakuti mwini nkhani azikhala chete pamene anzake akuisenda. Ndidakhaladi chete. Tsono lero ndi nthawi yanga, ndipo sindipsatira mau.

Kwa amene kudalibe, nkhani yanga ndi ya bambo wina amene adamchotsa ntchito ku esiteti ya tiyi, iye osamuuza mkazi wake. M'mawa uliwonse amavala, kutenga kachitini kake ka mbatata zitatu, n'kunyamuka ngati wopita ku ntchito. Tsiku lina mkaziyo, pofuna kupukuta nsapato za mwamuna wake, adaona kuti zilibe matope ofiira a m'munda wa tiyi. Zinali ndi fumbi, ndipo ku chidendene kudakanirira khoko la mtedza wa pa msika. Adaziyang'ana. Adazipukuta mpaka kuwala. M'mawa mwake adampatsa mwamunayo kachitini kake, m'menemo muli mbatata ziwiri. Nkhani idathera pamenepo.

Mnzanga wina adafunsa kuti, kodi mayiyo wadziwa kapena sanadziwe? Wina adati nkhaniyo ndi yosatha, mwina tsamba lomaliza lidatsalira pa makina. Wachitatu adafuna kudziwa phunziro lake. Kenaka mphunzitsi wina, amene ndimamlemekeza ndithu, adavula magalasi nati, "Achimwene, mwaonera makanema ambiri. Kuno timalemba mabuku." Anthu adaseka, inenso ndidasekako kuopa kuoneka wokwiya. Uphungu wa onse udali wakuti ndiwonjezere ndime imodzi yonena kuti mtima wa mayiyo udasweka, ndi kuti kubisirana m'banja n'koipa.

Ndiulule: ndime imeneyo idalipo. Ndidailemba ndekha, mizere 11, ndipo idali yokoma m'khutu. Ndidaichotsanso ndekha, ndipo siibwerera. Mlandu woonera makanema ndikuuvomera. Chimene ndikukana n'chakuti umenewu ndi mlandu.

Kamera ili ndi umphawi wina umene ife olemba tilibe: siingalowe mu mtima wa munthu. Ine ndikhoza kulemba kuti "Nabanda adamva chisoni chachikulu" n'kupitirira, ntchito yatha ndi mau anayi. Wojambula kanema alibe njira yachiduleyo. Ayenera kufunafuna chinthu chooneka ndi maso chimene chingasenze chisonicho: dzanja, chitseko, mbale, nsapato. Umphawi umenewu ndiwo udawaphunzitsa akanema ntchito imene ife, pokhala olemera, taiiwala.

Tengani kanema wa ku Italy wa m'chaka cha 1948, Ladri di biciclette, kunena kuti akuba njinga, amene adakonza Vittorio De Sica. Antonio wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa malonda pa makoma a mu mzinda wa Roma, koma ntchitoyo ifuna njinga, ndipo njinga yake ili ku pinyolo. Mkazi wake, Maria, sakudandaula za umphawi. Akuyalula nsalu za pabedi, kuzichapa, n'kukazipinyolitsa kuti aombole njingayo. Tsono pamene Antonio akudikira njinga yake, akuona wantchito wa m'nyumba ya pinyolo atanyamula mtolo wa nsalu zija, akukwera nawo mashelefu. Akukwerabe. Mashelefuwo afika ku denga, ndipo onse adzaza mitolo ya nsalu za mabanja ena. Palibe amene akunenapo kanthu. Mlembi wa pakati pathu pano akadaika ndime ziwiri zofotokoza mmene nkhondo idasaukitsira anthu, mwinanso n'kutchula boma ndi atsamunda, koma woonera kanemayu wamva kale zonsezo m'mimba mwake munthu uja asanatsike.

Njingayo ikubedwa tsiku loyamba la ntchito. Antonio ndi kamwana kake Bruno akuifunafuna mu mzinda wonse osaipeza. Potsiriza, pafupi ndi bwalo la mpira, bamboyo akuba njinga ya wina, anthu akumgwira ndi kummenya makofi mwana wake akuona. Mwini njinga, ataona nkhope ya mwanayo, akuti amsiye azipita. Awiriwo akuyenda m'khamu la anthu, bambo akulira, mwana akumgwira dzanja. Kanema watha. Ndifunse anzanga a tsiku lija: pamenepa De Sica akadaonjezera chiyani? Wansembe wonena kuti kuba ndi tchimo? Nanga phunziro lake ndi lotani, lakuti usabe, kapena lakuti usasauke? Takhala zaka zoposa 70 anthu akutsutsana za dzanja la mwana uja, ndipo akutsutsanabe chifukwa palibe adawatsekera pakamwa ndi ndime yotsiriza.

Mudzati awo ndi azungu, ife tili ndi njira zathu. Chabwino. Ousmane Sembène wa ku Senegal sadali mzungu, ndipo adali mlembi wa mabuku asanagwire kamera. Adakaphunzira zojambula kanema ku Moscow atazindikira kuti anthu ambiri a kwawo sangawerenge mabuku ake a m'Chifalansa. Kanema wake wa mu 1963, Borom Sarret, ndi wa mphindi pafupifupi 20 zokha. Munthu woyendetsa ngolo ya kavalo mu Dakar wanyengedwa kulowa m'dera la olemera kumene ngolo siziloledwa, wapolisi wamlanda ngoloyo, wabwerera ku nyumba chimanjamanja. M'kanema yense timamva maganizo a munthuyu akudziyankhulira, motero musati Sembène amaopa mau. Koma onani pamene akusankha kukhala chete. Mkazi wa woyendetsa ngoloyo akumpatsira mwana wakhanda, akumtsimikizira kuti usiku uno adya, n'kutuluka pa chipata. Akupita kuti? Akachita chiyani? Sembène sakunena. Ife tikadamtsatira mayiyo mpaka ku bala, kumpatsa matenda, kumuika m'manda pa tsamba lachisanu, kenaka m'busa n'kulalika. Kodi ndanama? Tsegulani magazini ino ya miyezi yapitayi muwerenge atsikana amene tawapha kuti tipeze phunziro.

Chachiwiri chimene ndidatola ku kanema ndi lumo. M'zaka zoyandikira 1920, ku Russia, Lev Kuleshov adatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya katswiri wa masewero Ivan Mosjoukine, nkhope yosaonetsa kanthu, n'kuchilumikiza ndi mbale ya supu, kenaka ndi bokosi la maliro, kenakanso ndi kamtsikana kosewera ndi chidole. Monga akusimbira mnzake Pudovkin, oonera adayamikira luso la munthuyo poonetsa kulingalira, chisoni ndi chimwemwe, chonsecho nkhope inali imodzimodziyo. Chisonicho adachibweretsa ndi oonera. Ukaika zinthu ziwiri pafupi, munthu amamanga yekha mlatho pakati pake, ndipo mlatho womanga yekha amaukhulupirira kuposa womangiridwa. Nsapato zopanda matope, mbatata ziwiri: mlatho wake ndi wa owerenga. Ndikaumanga ine ndiye kuti ndawalanda ntchito yokhayo imene imawakondweretsa.

Lumo lomwelo likadatipulumutsanso ku maulendo. M'nkhani zathu munthu akafuna kupita ku Blantyre ayenera kudzuka tambala woyamba, kusukusula, kumwa phala, kutsazika agogo, kuyenda kukafika pa siteji, kudikira basi, kukangana ndi kondakitala, ndipo dzuwa liyenera kutuluka ndi mbalame zake zonse zikuimba mokoma. Masamba atatu atha, nkhani isanayambe. Wakanema amaonetsa munthu akutseka chitseko cha kumudzi, chithunzi chotsatira ali pa mzere wa ofuna ntchito ku Limbe, ndipo palibe mwana amene amafunsa kuti wafikako bwanji.

Za ana zandikumbutsa china. Pitani m'tinyumba toonetsera mavidiyo m'misika yathu mukamve mmene ana amakuwira: "Kumbuyo kwakoko! Thawa!" Amakuwa chifukwa akudziwa chimene munthu wa m'kanemayo sakudziwa. Alfred Hitchcock adamfotokozera François Truffaut zimenezi pa kucheza kwawo kwa mu 1962. Anthu awiri akucheza, bomba n'kuphulika pansi pa tebulo mwadzidzidzi: oonera adzidzimuka masekondi 15. Koma aonetseni bombalo poyamba, adziwe nthawi imene liphulike, ndiye kuti macheza opanda pake omwewo awagwira pakhosi mphindi 15. Ife timachita zosiyana. Timabisa chinsinsi mpaka mzere womaliza, pamene mnyamata azindikira kuti mkazi amene wakwatira ndi mlongo wake, kapena kuti zonsezi anali maloto. Timayesa kuti kubisira owerenga ndiko luso. M'nkhani yanga owerenga akudziwa kuyambira ndime yoyamba kuti ntchito idatha. Chimene akudikira ndi tsiku limene mkazi adzagwire nsapato zija.

M'tinyumba tomweto mulinso anyamata aja omasulira makanema a ku China ndi ku India m'Chichewa, amene amayankhula kosalekeza, kutiuza kuti uyu wakwiya tsopano, uyu ndi mfiti, uyu afa posachedwa. Ndimawakonda, amandiseketsa, ndipo Chichewa chawo n'chamoyo kuposa cha ambiri a ife. Koma iwo ali ndi chifukwa: oonera sakumva chilankhulo cha kanemayo. Nanga ife, amene tikulemba m'chilankhulo cha owerenga athu, tikuimiriranji kutsogolo kwa nkhani yathu yomwe n'kumaimasulira?

Tsono ndifike pa mfundo imene idanenedwa mwamphamvu, yakuti nthano za makolo athu zimakhala ndi phunziro, choncho nkhani yopanda phunziro ndi yachilendo. Ine agogo anga adandisimbira nthano zambiri, ife tikuvomera kuti tili tonse, ndipo sindikumbuka tsiku limene adamaliza ndi kutifotokozera tanthauzo. Kalulu akathawa, fisi akapsa, nthano yatha, kagoneni. Funso lakuti "tikuphunzirapo chiyani pa nthanoyi" ndidakumana nalo ku sukulu, pa bolodi, ndipo linali la malikisi awiri. Onaninso miyambi yathu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: chala, nsabwe, basi. N'chithunzi chimenecho, chofanana ndi mtolo wa nsalu pa shelefu. Mkulu akaponya mwambi pa bwalo samaumasulira. Akaumasulira ndiye kuti wakuyesa chitsiru. Choncho pamene ndikuti tiphunzire ku kanema, sindikuti tisiye zathu. De Sica ali pafupi ndi agogo anga kuposa mmene ndime yanga ya mizere 11 idaliri.

Ndisanamizire kuti zonse za m'kanema n'zabwino kwa ife. Aphunzitsi aja ali ndi mfundo, ngakhale adaiponya pa munthu wolakwika. Taona nkhani pano za apolisi achinsinsi othamangitsana pa galimoto mu Ndirande, mfuti m'manja monse, anthu oyankhula ngati a ku Chicago. Amenewo adatengako zovala za kanema n'kusiya mmisiri wake. Ndiponso cholembera chili ndi mphamvu zimene kamera imasirira. Chingathe kununkhiza utsi wa m'khitchini, kudumpha zaka 30 m'chiganizo chimodzi, kulowa m'mutu wa munthu n'kumva mabodza amene akudziuza yekha. Sindikuti titaye zimenezi. Ndikuti kulowa mu mtima wa munthu kuli ngati kulowa ku chipinda kwa apongozi: ulowe pamene pali chifukwa chachikulu, osati nthawi iliyonse imene waona chitseko chotsekula.

Sitingathenso kunena kuti kanema ndi wa kutali. Shemu Joyah watijambulira The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, nkhani za m'mphepete mwa nyanja yathu ndi za m'makwalala a mu mzinda wathu. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa kanema wa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, ndipo mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa (katchulidwe ka ena mwa osewerawo tidakaseka tonse, koma imeneyo ndi nkhani ina). M'kanema ameneyu mulinso njinga. Mnyamata akufuna njinga ya bambo ake kuti aidule apangire makina a mphepo opopa madzi, m'chaka cha njala, pamene njingayo ndi chuma chokhacho chimene chatsala pa khomo. Mkangano wonse wa bambo ndi mwana, wa khasu ndi sukulu, wa mantha ndi chiyembekezo, wakwera pa njinga imodzi. Bambo akaipereka, sitifuna wina woti atiuze kuti wayamba kumkhulupirira mwana wake. Mlendo adabwera kwathu kuno n'kuona kuti njinga ingathe kusenza zonsezo. Ife eni ake, amene timakwera kabaza tsiku ndi tsiku, tikulembabe kuti "bamboyo adagwidwa ndi maganizo osiyanasiyana."

Chimene chimandipweteka pa ndime zotsirizazi ndi mwano wake. Mlembi wolalika amaganiza kuti owerenga ake ndi ana, kuti akapanda kuwagwira dzanja asochera. Komatu owerenga athu ndi anthu omwe aja amene amadziwa kuti m'nyumba mwa mnansi mwavuta pongoona kuti utsi sunafuke masana. Amayi athu amawerenga nsapato, maso, ndi kakhalidwe ka munthu pa mkeka. Anthu otere sasowa mlembi wa pa koleji woti awauze kuti mtima wa mkazi udasweka.

Pa msonkhano ukubwerawu ndidzabwera ndi nkhani yomweyo, monga idaliri, ndipo ndidzakhalanso chete monga mwa mwambo. Aphunzitsi aja ndawasungira mpando wa kutsogolo tsiku limene tidzaonetse Borom Sarret. Ndi mphindi 20 zokha, sadzachedwa ku chakudya. Mnzanga amene akufunabe kudziwa ngati mayi uja adadziwa kapena sanadziwe, atsekule kachitini awerengenso mbatata.