Kulosera za malonda: kuona maso a nkhono n'kudekha

Pa 5 June 2025 kampani ya ku Japan ya Nintendo idatulutsa makina ake atsopano osewerera magemu a pa kanema otchedwa Switch 2. M'masiku anayi okha makina oposa 3.5 miliyoni adagulidwa m'maiko osiyanasiyana, zomwe zidali zisanachitikepo m'mbiri ya kampaniyi. Eni akewo, omwe poyamba adalosera kuti agulitsa makina 15 miliyoni pofika March 2026, adakweza chiwerengerocho mu November 2025 kufika pa 19 miliyoni.

Ife a nyuzipepala ino tikuvomereza kuti chiyambi chimenechi n'chosiririka. Komabe tikupempha awerengi athu kuti asamatengeke ndi ziwerengero za masiku oyamba, pakuti amene amathamangira kusitolo tsiku loyamba ndi okonda kampaniyo kale, oti angagule ngakhale mtengo utakhala wotani. Chiweruzo chenicheni chimachokera kwa munthu wamba amene amayamba wafunsa mtengo, n'kufunsanso kuti pali magemu angati, asanapise dzanja m'thumba. Ameneyu amafika m'chaka chachiwiri kapena chachitatu.

Mbiri ya Nintendo yomweyo ikutichitira umboni. Mu 2006 kampaniyi idatulutsa makina a Wii, omwe mphamvu zake zidali zochepa poyerekeza ndi PlayStation 3 ya Sony ndi Xbox 360 ya Microsoft. Ambiri oyang'ana mphamvu za makina adawaderera. Koma Wii idali yotsika mtengo, madola 250 ku America pomwe PlayStation 3 inkayambira pa madola 499, ndipo kaseweredwe kake kogwedeza dzanja kadali kosavuta ngakhale kwa agogo. Mapeto ake makina oposa 101 miliyoni adagulidwa, kuposa opikisana nawo awiri aja.

Podalira dzina lomwelo, mu November 2012 kampaniyi idabweretsa Wii U. Pofika kumapeto kwa chakacho makina 3 miliyoni adali atapita kale, ndipo zinkaoneka ngati ulendo wayamba bwino. Akuluakulu a kampaniyi adalosera kuti m'chaka cha malonda chothera mu March 2014 agulitsa 9 miliyoni. Adagulitsa osakwana ndi 3 miliyoni omwe. Pamene ankasiya kupanga makinawa kumayambiriro kwa 2017, onse pamodzi adali 13.56 miliyoni basi.

Chidalakwika n'chiyani? Anthu ambiri sadazindikire kuti awa ndi makina atsopano. Ankayesa ndi chipangizo chongowonjezera pa Wii yakale. Magemu atsopano ankatuluka mwa apo ndi apo. Tsono malonda amenewa ali ndi lamulo lake: makampani opanga magemu amapita komwe kuli ogula ambiri, ndipo ogula amapita komwe kuli magemu ambiri. Mbali imodzi ikangozilala, inzake imatsatira. Nayo kampani ya Sega idaona zomwezi ndi makina ake a Dreamcast, omwe adayamba ndi mkokomo ku America mu 1999 koma n'kusiya kupangidwa mu 2001.

Olosera adaphonyanso mbali inayo. Switch yoyamba itatuluka mu March 2017, pambuyo pa manyazi a Wii U, panali ambiri okayika. Makinawa adadzapitirira 150 miliyoni.

Nkhaniyi ikutikhudza ngakhale makinawa amapangidwa kutali. Makolo ambiri m'tauni muno, komanso abale athu a ku Johannesburg ndi ku London, amapemphedwa ndi ana kuti awagulire katundu wotereyu. Switch 2 idayamba kugulitsidwa pa madola 450 ku America, osawerengera msonkho ndi zonyamulira, ndipo tonse tikudziwa kuvuta kwake kopeza ndalama zakunja. Wogula makina amene malonda ake afa amatsala ndi bokosi lopanda magemu atsopano, ndipo wamalonda woitanitsa katundu wochuluka chifukwa cha ulosi amatsala naye pa shelefu. Langizo lathu ndi loti dikirani, muone ngati opanga magemu akupitiriza kuwadalira makinawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu chinanso choyenera kuchitchula. Ulosi wa Wii U utalephereka, mkulu wa Nintendo pa nthawiyo, malemu Satoru Iwata, adaima poyera mu January 2014 n'kulengeza kuti adula malipiro ake ndi theka kwa miyezi isanu, ndipo akuluakulu anzake nawonso adadulidwa malipiro. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ife amene tidazolowera kuona atsogoleri akuloza chala nyengo, adani kapena antchito awo malonjezo akapanda kuchitika, tili ndi chophunzira pamenepa.

Kulosera n'kololedwa, ndipo palibe bizinesi yoyenda popanda kuyerekeza za mawa. Chomwe tikufuna n'chakuti wolosera aliyense, kaya ndi mwini kampani, kadaulo wa zamalonda kapena mtolankhani, azitchula chiwerengero ndi tsiku lake momveka, kuti tsikulo likakwana anthu adzathe kumufunsa. Amene sakufuna kudzafunsidwa asatiuze choti tigule.