Kuda kwa Magalasi Si Chitetezo cha Maso

Mwezi wa Okutobala ukafika, chigwa cha kumunsi kwa boma la Neno chimatentha koti munthu sangayende pansi masana wopanda nsapato. Ku Luwani, ku Lisungwi ndi ku Zalewa mitengo imakhala itayoyola masamba ndipo mthunzi umasowa. Nyengo imeneyi ndiyo imene aphunzitsi, makalabu a zachilengedwe a m'sukulu ndi achinyamata amene adatsiriza Fomu 4 amasonkherana ndalama za ulendo wokaona nyanja ku Mangochi. Ulendo wotere ngwabwino ndipo uyenera kulimbikitsidwa. Koma pali kanthu kena kamene achinyamata amathamangira kugula ulendo ukayandikira, ndiko magalasi akuda a dzuwa. Ambiri amawagula kuti akaoneke bwino pa chithunzi, osadziwa kuti magalasi osasankhidwa bwino angathe kuwononga maso omwe akupita nawo kukaonera nyanja.

Ubwino wa ulendowo suvuta kuuona. Mwana wa ku Luwani amadziwa mtsinje wa Shire, amauwoloka pa mlatho wa pa Zalewa, ndipo m'kalasi amamva kuti magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani amapangidwa ndi mphamvu ya madzi ake. Amamvanso kuti Shire ndiye mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Zonsezi amazilemba m'kope ndi kuziloweza pamtima, koma kumene madziwo amachokera sanakuone. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Basi ikanyamuka pa Zalewa kulowera ku Balaka mpaka ku Liwonde, mwanayo amaona chotsekera madzi cha Kamuzu Barrage chimene chidamangidwa mu 1965, ndipo phunziro la m'buku limayamba kukhala ndi thupi.

Tauni ya Mangochi ili m'mbali mwa Shire yemweyo, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe. Idayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston, potsata dzina la Harry Johnston amene ankaimira boma la Britain. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria amene adamwalira mu 1901. Pambali pake pali mzinga wa m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idawombera sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pa doko kutsidya kwa nyanja, nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Palinso chikwangwani chokumbukira anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946. Kufupi komweko kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, mmene mphunzitsi wa mbiri yakale angathe kuphunzitsa pa ola limodzi zimene m'kalasi zikadamtengera sabata.

Amene ndalama zawalola amapitirira mpaka ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala imene idayamba kuyenda panyanja mu 1951, ndiponso ku Cape Maclear, kumene mishoni ya Livingstonia idayambira mu 1875 isanasamukire ku Bandawe mu 1881. Kumeneko kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park amene adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba, makamaka mbuna zamawangamawanga zosambira pakati pa miyala.

Tsono zonse zatchulidwazi ndi zoona ndi maso, ndipo kunyanja maso amagwira ntchito pa dzuwa loopsa. Dziko la Malawi lili kufupi ndi pakati pa dziko lapansi, kotero kuti ku Mangochi dzuwa limaima paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndiponso mu Febuluwale. Pagombe kuwala kumachokera mbali ziwiri, kumwamba ndi pansi, pakuti mchenga ndi madzi zimabweza cheza cha dzuwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mchenga wouma wa pagombe umabweza magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse a cheza choopsa chimene chaugwera. N'chifukwa chake mlendo wongofika pagombe amathobwa m'maso, natsinya nkhope, misozi n'kumalengeza.

Kuthobwako kumachokera ku kuwala kooneka, ndipo n'kosautsa, koma mdani weniweni ndi wina. M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chimene diso silichiona ndipo khungu silichimva ngati kutentha. Asayansi amachitcha ultraviolet, mwachidule UV. Chezachi chimadutsa ndi m'mitambo yopyapyala yomwe, ndipo chimakula mphamvu kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, nthawi yomwe alendo amakonda kusewera pagombe. Chikachuluka tsiku limodzi chimapsereza pamwamba pa diso, munthu n'kugona usiku akumva ngati m'maso mwalowa mchenga. Zimenezi zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Choopsa kwambiri ndi kuwonongeka kwa pang'onopang'ono kumene kumaunjikana chaka ndi chaka.

Madokotala a maso amatchula matenda atatu amene chezachi chimathandizira. Oyamba ndi ng'ala, imene imachititsa khungu anthu ambiri padziko lapansi kuposa matenda ena onse a maso. Ng'ala imabwera ndi ukalamba ndi zifukwa zina, koma dzuwa limaifulumizitsa. Achiwiri ndi kamnofu kamene kamamera pa choyera cha diso n'kumakwawira pakati, kofala mwa asodzi ndi alimi okhalitsa pa dzuwa, fumbi ndi mphepo. Achitatu ndi khansa ya pamwamba pa diso, imene imapezeka kwambiri m'maiko a kuno kwathu, makamaka mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chidatsika ndi kachilombo ka HIV. Maso a ana amalowetsa cheza chambiri kuposa maso a akulu, motero msinkhu wa pasukulu ndiwo woyenera kuyamba kusamala.

Apa ndiye pagona nkhani ya magalasi akuda. Pakati pa diso pali kabowo kakuda kotchedwa mwanadiso. Pa dzuwa kamachepa kuti kuwala kulowe pang'ono, ndipo mumdima kamakula. Munthu akavala magalasi akuda, diso limayesa kwada, mwanadiso n'kutseguka, zikope nazo n'kuleka kutsinya. Ngati magalasiwo ali otsekereza cheza cha UV, zonse zili bwino. Koma ngati adangopakidwa utoto wakuda, chezacho chimadutsa n'kupeza khomo lili pululu, ndipo chimalowa chambiri kuposa mmene chikadalowera munthuyo akadakhala wosavala kanthu. Mwini wake amamva kuzizira m'maso nayamikira malonda ake, pamene diso likupsa mwakachetechete. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga wogula achite chiyani? Choyamba, afunefune mawu oti UV400 kapena oti 100% UV pa galasi kapena pa mwendo wa magalasi. Nambala ya 400 ikuimira malire amene asayansi amayeza pakati pa cheza chosaoneka ndi kuwala kooneka, ndipo tanthauzo lake nloti magalasiwo amatsekereza cheza chonse cha kumunsi kwa malirewo. Magalasi opanda mawu otere asiyidwe, kaya akongole chotani. Komabe kapepala komata aliyense angathe kusindikiza, ndipo palibe munthu amene angazindikire chitetezochi pongoyang'ana ndi maso. Njira yotsimikizika ndiyo kugula m'sitolo ya akatswiri a magalasi a maso kapena m'sitolo yodalirika ya mankhwala, ndipo kumene kuli makina oyezera cheza, wogula apemphe kuti amuyezere.

Chachiwiri, ayang'ane nambala ya kuda kwake. Magalasi opangidwa motsata malamulo amalembedwa nambala yochokera pa 0 mpaka 4. Nambala 3, imene imalowetsa magawo 8 mpaka 18 pa 100 a kuwala, ndiyo yoyenera pagombe ndi pa dzuwa la chilimwe. Nambala 4 ndi yakuda zedi ndipo siloledwa kwa woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto. Nambala zimenezi zikunena za kuda kokha, osati za chitetezo cha UV, choncho ziwirizi ziyang'anidwe padera. Chachitatu, aone kukula kwake. Timagalasi tating'ono tokhala pamsonga pa mphuno timasiya mipata m'mbali ndi pamwamba, mmene cheza chimalowera. Oyenera ndi akuluakulu, okhala kufupi ndi nkhope ndiponso okhotera m'mbali. Chachinayi, awayese pomwepo. Awagwire patali ndi nkhope, ayang'ane mphuthu ya chitseko kapena mzere wina wowongoka kudzera m'galasi limodzi, kenaka awayendetse pang'onopang'ono. Mzerewo ukamakhota kapena kugwedezeka, galasilo nlopindika ndipo lidzamupweteketsa mutu.

Pali mtundu wina wa magalasi olembedwa kuti polarized, amene adafala chifukwa cha ntchito ya Edwin Land wa ku America, mwini kampani ya Polaroid imene idayamba mu 1937. Amenewa amachotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi, kotero kuti munthu ali m'bwato ku Cape Maclear angathe kuona mbuna pansi pa madzi. Powazindikira, munthu ayang'ane galasi la foni kudzera m'magalasiwo n'kumawatembenuza. Akakhala enieni, pena pake foniyo imada. Ubwino umenewu ngwapadera, ndipo sulowa m'malo mwa mawu aja oti UV400. Mtengo nawo sunena zoona nthawi zonse. Pali magalasi otchipa a pulasitiki amene amateteza bwino, ndipo pali ena odula chifukwa cha dzina la kampani lakuba lomatidwa pambali. Ndipo ngakhale magalasi abwino koposa salola munthu kuyang'ana dzuwa lenilenilo, ngakhale pa kadamsana.

Ena adzati malangizo otere ngoyenera ana a m'tauni, pakuti kholo la ku Luwani limene lagulitsa mbuzi kuti mwana akwere basi silingathenso kupita ku Blantyre kukafuna sitolo ya magalasi. Mawuwa ngoona, ndipo yankho lake lilipo. Mwana amene sangapeze magalasi odalirika asagule alionse, koma avale chipewa cha khonde lalikulu. Chipewa cha mlaza, chimene amisiri a m'midzi amaluka ndipo chimagulitsidwa m'mbali mwa msewu wa ku Mangochi, chimatchinga gawo lalikulu ndithu la cheza chochokera kumwamba, ndipo chimatetezanso nkhope, makutu ndi khosi. Sichinamiza diso monga amachitira magalasi a utoto. Kapu ya khonde la kutsogolo kokha imathandiza pang'ono, koma imasiya m'mbali. Ndalama yogulira chipewa cha mlaza imatsalanso m'manja mwa Mmalawi mnzake amene adachiluka.

Udindo waukulu uli ndi aphunzitsi okonza ulendo. Pa kalata yopita kwa makolo, chipewa chilembedwe pamodzi ndi kamba ndi madzi akumwa. Ndondomeko ya tsikulo ikonzedwe kotero kuti kuyenda pagombe ndi kukwera bwato kuchitike m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo masana ana akhale m'nyumba ya zinthu zakale kapena pamthunzi akudya ndi kulemba zimene aona. Mphunzitsi wa sayansi ali ndi mwayi wophunzitsa za diso popanda zipangizo zodula: ana awiriawiri ayang'anane mwanadiso ali pamthunzi, kenaka ali powala, adzionere okha mmene kabowoko kamasinthira. Mwana amene waona zimenezi sadzafunanso kuuzidwa kawiri za magalasi a utoto.

Makamaka aphunzitsi asaiwale ana achialubino. Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu achialubino oposa 134,000. Maso awo savomereza kuwala kwambiri ndipo khungu lawo limapsa msanga, zimene zimadzetsa khansa ya pakhungu. Kwa iwo magalasi enieni, chipewa cha khonde, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa ndi zofunika monga mankhwala. Mwana wotere asasiyidwe kunyumba pa chifukwa cha dzuwa. Ngati gulu lingakwanitse kugula magalasi abwino amodzi okha, akhale ake.

Ulendo wa kunyanja umatha tsiku limodzi kapena awiri, koma dzuwa lowala ku Mangochi ndi lomwelo lowala ku Luwani. Mnyamata amene watsiriza sukulu n'kuyamba kuyendetsa kabaza pa Zalewa, mtsikana wothirira dimba m'mbali mwa Lisungwi, ndi mphunzitsi wopalasa njinga masana pobwerera kunyumba, onsewa amalandira cheza chambiri pa chaka kuposa mlendo wa pagombe. Chizolowezi chovala chipewa ndi kusankha magalasi mwanzeru, chikaphunziridwa pa ulendo, chibwerere kumudzi pamodzi ndi ana. Amene waona kamnofu kapena kachotupa koyera kakumera m'diso, kapena maso ayamba kuchita chifunga, asathiremo mankhwala a zitsamba kapena ogula pamsika. Apite ku chipatala cha Lisungwi kapena cha boma ku Neno, kumene ngati kuli kofunika adzatumizidwa ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni munthu n'kuonanso, ndipo khansa ya diso ikapezeka msanga imachizika. Mu 2022 WHO idavomereza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda ya maso imene idachititsa khungu anthu ambiri m'midzi. Dziko limene lidakwanitsa ntchito yaikulu chotere silingalephere kuphunzitsa ana ake kuwerenga mawu a pa mwendo wa magalasi asanatulutse ndalama m'thumba.