Tidzale maluwa limodzi, tidyenso limodzi

Amayi anzanga, kaya mumapemphera ku Nambuma, ku Madisi kapena ku Mpherere, tayang'anani paguwa Lamulungu likubwerali. M'matchalitchi ambiri muli maluwa apulasitiki, ogula ndi ndalama za bungwe, odzaza fumbi. Ine ndikuti tidzale athu.

Yesani petunia. Kwawo ndi ku South America, ndipo ndi m'bale wake wa fodya. Njere zake n'zazing'ono ngati za fodya, choncho mayi wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amene anafesapo nazale sangavutike. Sakanizani njere ndi mchenga, wazani pamwamba osakwirira, thirirani pang'onopang'ono. Fesani mvula ikamatha, chifukwa mvula yamphamvu imawononga maluwa ake. Wokerani m'ndowa zakutha zoboola pansi, kuti muzizinyamula kulowa nazo m'tchalitchi. Koma zikhale kutali ndi nazale ya fodya, popeza matenda ena amapatsirana.

Tsiku logwira ntchitoyi tizichita chidyerano, aliyense ndi kambale kake. Apa ndiye pali nkhawa yanga. Chidyerano chathu chayamba kusanduka mpikisano. Wobwera ndi mpunga wa nkhuku timamulandira ndi nthungululu, wobwera ndi nkhwani amakhala kumbuyo, mbale ataiphimba ndi chitenje. Mwezi wotsatira sabweranso, amati mutu ukumupweteka. Kawirikawiri ameneyu ndi mayi wamasiye kapena gogo wolera zidzukulu, amene bungwe liyenera kumuyang'anira koposa. Paulo Woyera anadzudzula Akorinto pa khalidwe lomweli: ena kukhuta, ena kubwerera ndi njala.

Mwina muti kupereka chabwino si tchimo. N'zoona, koma tigawane mwanzeru. Amayi apampando agawiretu magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Wina nsima ya mgaiwa, wina nyemba, wina usipa, wina bonongwe wotendera, wina nthochi, wina mapeyala. Zonse zipakulidwe pamodzi, pasadziwike mwini mbale. Tikatero wa nkhwani wabweretsa chinthu chimene mpunga sungalowe m'malo mwake.

Tisaiwalenso kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tisambe m'manja ndi sopo mothirirana, osati m'beseni limodzi, ndipo chakudya chikhale chovundikira.

Pamsonkhano wa mwezi uno, werengani mayina a amene anasiya kubwera. Apatseni ndowa imodzi ya petunia kuti azisamalira, ndipo muwauze kuti ndiwo zamasamba tikudalira iwo.