Chala sichisinthidwa ngati PIN

Inu a ku Manje amene munalembetsa chiphaso cha unzika mu 2017, zidindo za zala zanu zili m'makompyuta a NRB. Ubwino wake ulipo. Mizere ya pa chala sifanana ngakhale pa ana amapasa, choncho wofuna kudutsa pachipata cha Mwanza ndi dzina lanu angagwidwe msanga.

Koma kumbukirani February 2024, pomwe Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina opangira mapasipoti. PIN ya Airtel Money ikabedwa mumangosintha. Nanga chala?

Lamulo la 2024 linapatsa MACRA udindo woteteza zinsinsi zoterezi. Iziuza anthu poyera amene akusunga zidindozi, amene amaloledwa kuziona, komanso kuti azisunga mpaka liti.